Phula la Kandulo ndi Malaputopu Atatu

Sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Zamawaya ndinaphunzirira pa benchi ku Limbe, poyang'ana manja a anthu ena. Ndinayamba ndi mawailesi. Kenako mafoni. Malaputopu anandipeza imvi zitayamba kale.

Kashopu kanga kali kuseri kwa msika, njira yotsikira kudepoti ya maminibasi. Ndi kachipinda kamodzi. Muli tebulo, mpando, nyali ndi shelefu. Ndimagula malaputopu akale obwera m'makatoni kuchokera kunja, kaunjika wa makina. Ena amafika atafa. Ena amangofuna kupukuta. Pa atatu akufa ndimadzutsapo imodzi.

M'kati mwa laputopu iliyonse muli kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Amati purosesa. Ndi kamene kamaganiza. Kena n'kamphamvu, kamathamanga, koma kamadya moto wambiri ndipo kamatentha. Kena n'kofatsa, kamadya pang'ono, sikatentha, koma kamayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Mayina ake ndi zilembo ndi manambala. Manambalawo ine sindinkawatsata. Ndinali ndi njira yanga.

Ndinkadzaza batire. Ndinkachotsa chaja. Ndinkaika nyimbo kuti ziziimba. Ndiye ndinkadula kachidutswa ka kandulo, kukula ngati njere ya chimanga, n'kukaika pamene pamatulukira mpweya wotentha. Ndikatero ndinkapitiriza ntchito zina. Phula likayamba kunyezimira ndi kufewa, ndinkadziwa kuti makinawa ndi adyera. Likakhala louma mpaka batire kutha, ndi ofatsa.

Anzanga a m'mashopu oyandikana ankaseka.

"Madala, mwayatsanso kandulo? Maliro a laputopu ali liti, tibwere ndi kwaya?"

Ndinkangopitiriza ntchito yanga. Makasitomala anga sankabweza katundu.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, mphunzitsi. Anamutumiza kusukulu ina ya kumudzi ku Chikwawa, pafupi ndi kumene ine ndinabadwira. Kulibe magetsi. Ali ndi kasola kamodzi padenga ndi batire imodzi yonga ya galimoto. Yomweyo iyatse mababu awiri, yomweyo itchaje foni. Kutentha kwa kumeneko ndimakudziwa. Mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi zimakana kuyenda masana.

Amuna ake amagwira ntchito mu ofesi m'tauni, nyumba ili ku Naperi. Munthu wabwino. Waulemu. Tayi tsiku lililonse. Akabwera kwathu ku Soche amakhala pampando wa pakhonde, manja pamaondo. Timapatsana moni wautali, kenako tonse timayang'ana phiri. Ndi apongozi anga. Ine ndi iwo sititsutsana. Si mwambo wathu. Ndikaona kuti alakwitsa ndimauza mayi a kunyumba, mayiwo auze mwana, mwana auze amuna ake. Yankho limabwerera njira yomweyo patatha sabata.

Mwanayo anayamba maphunziro a dipuloma, aja ophunzira uli pantchito. Mabuku amawapatsa pa flashi. Zolemba zonse amafuna zotayipa. Pamapeto pamakhala kafukufuku wamasamba ambiri. Amuna ake anamugulira laputopu pashopu ina ya magalasi m'tauni. Sanandifunse. Ndinamva, ndinangoti chabwino.

Apongoziwo anabwera nayo kudzandionetsa. Yaikulu, yasiliva, yolemera, sitika yowala pakona. Yakale ndithu, koma m'masiku ake inali bwana. Anaiyatsa. Ndinaika dzanja m'mbali mwake. Mpweya unali ngati wa pambaula. Fani inkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

"Mwaiona bwanji, apongozi?" anafunsa.

"Ndi yokongola," ndinatero.

Sindinaname.

Atachoka ndinauza mayi a kunyumba kuti chinthucho ku Chikwawa sichikakhala.

"Mwayambatu inu," anatero mayiwo. "Mwamuna wagulira mkazi wake mphatso, inu mufuna kuthirapo madzi? Ine sindikanena."

Uthenga unafera pomwepo.

Patapita miyezi inayi mwana anatulukira pashopu, laputopu ataikulunga m'chitenje. Sanayambe wapita ku Naperi. Anatsika minibasi kudepoti n'kubwera molunjika. Anakhala pakatoni. Fumbi mpaka m'nsidze.

"Ababa, chinthu ichi chandipha."

"Chatani?"

Anafotokoza. Batire yake siitha ola. Akailumikiza kubatire ya sola imayamwa zonse, mababu n'kuzima, foni osatchaja. Masana kukatentha imangozima yokha, osatsanzika. Kawiri konse inazima ali pakati polemba, masamba n'kupita. Tsiku lopereka kafukufuku linadutsa iye asanafike ndi theka lomwe. Aphunzitsi ake anamupatsa mwayi umodzi wotsiriza, milungu isanu ndi umodzi. Akalepheranso abwereza chaka chonse.

"Amuna ako akudziwa?"

"Akudziwa kuti ndachedwa. Chifukwa chake sakudziwa. Ndiwauza bwanji, ababa? Anayenda nayo tauni yonse akuonetsa anzawo."

Ndinati usiye kulira, yaikuluyo isiye kuno. Pashelefu panali kalaputopu kakang'ono koyera, kokwana m'chikwama cha Baibulo. Purosesa yake inali yofatsa kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Ndinali nditakayesa. Nyimbo zinaimba kuyambira m'mawa mpaka nkhomaliro itadutsa, phula osasintha. Ndinkakakonda kwambiri. Ndinakapukuta n'kumupatsa.

"Aka sikadzakuzimira."

Anathokoza, anapita ku Naperi. Ine ndinatseka shopu ndili wokhutira. Ndinagulanso nthochi popita kunyumba.

M'mawa mwake ndinamupeza ataima pakhomo la shopu, ndisanatsegule n'komwe loko.

"Ababa, taonani nokha."

Anakayatsa. Tinadikira. Analowetsa flashi. Tinadikira. Anatsegula buku lake limodzi lamasamba ambiri, n'kutsegulanso pamene amalembapo. Kanaima. Pasikirini panali kagudumu kongozungulira. Ndinapita kukagula zitumbuwa ziwiri pakona, ndinabwerako, kakadazungulirabe. Pomaliza kanatsegula. Mwana anatayipa dzina la sukulu yake. Zilembo zinatuluka iye atachotsa kale manja, chimodzichimodzi, ngati anthu otuluka m'tchalitchi.

"Ndikalemba lero, mawu atuluka mawa," anatero. "Kuzima sikazima, zoona. Koma kuyendanso sikayenda."

Kulakwa kunali kwanga. Ndinayesa kutentha. Ndinayesa batire. Ntchito yake yeniyeni sindinayese. Kuimba nyimbo ngakhale wailesi imatha. Zaka zonsezo timakina totere ndinkagulitsa kwa anthu ofuna kumvera kwaya ndi kulemba kalata imodzi pamwezi. N'chifukwa chake palibe anabweza.

Tsiku limodzi mwa masiku ake linali litapita chifukwa cha ine.

Tsopano olakwa tinali awiri. Apongozi ndi yawo yadyera, ine ndi kanga kaulesi. Zimenezo zinandipepusa mtima pang'ono. Munthu akalakwa yekha amavuta kumuuza. Mukakhala awiri nkhani imayambika.

"Loweruka ubwere ndi amuna ako ku Soche," ndinamuuza. "Ukawauze kuti ndikufuna andithandize kuwerenga manambala."

"Basi?"

"Basi. Zina usanene."

Sizinali zabodza. Ndinkafunadi thandizolo.

Atachoka ndinatsitsa zonse za pashelefu. Pansi penipeni panali ina yakuda, yopyapyala, chivundikiro chokalikakalika, batani limodzi losowa. Inalibe fani. Inakhala pamenepo miyezi yambiri chifukwa sitika yake inachoka. Anthu ku Limbe amagula sitika. Nambala ikakhala yaikulu amati makina amphamvu, osafunsanso. Ena mwa anzanga amamatula sitika pa laputopu yakufa n'kumata pa ina. Ine sindichita zimenezo, n'chifukwa chake yakudayo inalibe mwini. Mayeso a phula inapambana kalekale. Za liwiro lake sindinkadziwa.

Lachisanu ndinadzaza mabatire onse atatu kushopu. Yaikulu ija ndinaiikira batire ina yabwino, kuti pasadzakhale chonamizira. Malaputopu atatuwo ndinawanyamula m'chikwama cha mpunga. Kondakitala wa minibasi anafuna kuti chikwamacho chilipire mpando.

"Muli chiyani umu, madala, njerwa?"

"Mlandu," ndinatero.

Anandisiya.

Loweruka magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, monga mwa nthawi zonse. Ndinatulutsa tebulo pakhonde, mbali imene dzuwa limawomba. Ndinkafuna kutentha konga kwa kwathu. Mayi a kunyumba anayalapo nsalu yawo yoyera ya alendo. Ndinawauza kuti achotse. Anakana. Ndinandandalika malaputopu atatu: yaikulu, kakang'ono, yakuda. Pambali pa iliyonse, kachidutswa ka kandulo.

Anafika cha m'ma leveni. Apongozi atavala tayi, Loweruka. Anaona yasiliva ili patebulo, anayang'ana akazi awo. Tinapatsana moni wonse mpaka kumapeto. Kunyumba, kuntchito, makolo kumudzi. Tinayang'ana phiri pang'ono.

"Apongozi," ndinayamba, "ine ndakalamba, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Tandiwerengerani zimene zili m'kati mwa makinawa."

Anapinda manja a malaya. Anayatsa zonse zitatu, n'kulowa pamene makina amatchula okha dzina la purosesa yawo. Ine malo amenewo ndinkawadziwa, koma zolembedwazo zinali ngati nambala za galimoto. Iwo ankawerenga n'kumafufuza pafoni. Anatenga nthawi. Mayi a kunyumba anabweretsa thobwa.

"Iyi yasiliva," anatero, "ili ndi mitu iwiri yoganizira, ndipo ndi yothamanga. Koma ndi ya kale, nthawi imene opanga sankasamala za moto. Inapangidwira pa desiki ya mu ofesi, pafupi ndi soketi. Aka koyera kali ndi mutu umodzi wokha, ndipo ndi kachikulire kuposa zonse."

"Ngati mwini wake," anatero mayi a kunyumba.

Mwana anaseka m'manja. Apongozi anadziletsa, koma mapewa anagwedezeka.

"Nanga yakudayi?" ndinafunsa.

Anawerenga kawiri. Anayang'ananso pafoni.

"Iyi dzina lake ndi la banja lotsika. Koma ndi yobadwa pambuyo pa zinzakezi. Mitu iwiri. Anaipanga dala kuti izidya pang'ono, n'chifukwa chake ilibe fani."

"Ndiye nambala yaikulu si mphamvu?"

"Si nthawi zonse, apongozi. Pali nambala ya banja, palinso nambala ya m'badwo. Ndiponso pali kadyedwe ka moto, kamene pa sitika salemba." Anaima pang'ono. "Ine tsiku lija ndinangoyang'ana ya banja."

Ananena okha. Palibe anawayang'ana.

"Ine sindinayang'ane iliyonse," ndinatero. "Ndinamupatsa koyerako. Kanabwerako m'mawa mwake."

Anandiyang'ana koyamba m'maso. Kenako tonse tinayang'ana phiri.

Ndinauza mwana kuti akhale pampando agwire ntchito yake yeniyeni. Buku lomwelo, zolemba zomwezo, pa makina onse atatu. Nyimbo ayi.

Anayamba ndi yasiliva. Buku linatseguka nthawi yomweyo, asanachotse chala. Masamba ankathamanga. Apongozi anamwetulira, anamwa thobwa. Ndinawasiya. Makinawo anali ndi mphamvu ndithu, bodza n'loipa.

Anapita pa koyera. Kagudumu kanayamba kuzungulira.

"Kasiye, mwanawe," anatero mayi ake. "Aka ndi ka bambo ako. Ukafunsa lero kamayankha Lachiwiri."

Anapita pa yakuda. Buku silinatseguke nthawi yomweyo. Ndinawerenga chamumtima, ndinafika teni, linatseguka. Anatsegula pamene amalembapo. Anatayipa mzere. Zilembo zinkatsatira zala, osatsalira. Anatsegula buku lachiwiri. Inaganiza pang'ono, inatsegula. Anatsegula lachitatu. Apa inayamba kukoka miyendo.

"Mabuku awiri basi," anatero apongozi. "Mukatha limodzi muzitseka."

"Awiri andikwana," anatero mwana, maso ali pasikirini. Sanadzukenso pampandopo. Anayamba kulemba zenizeni.

Zina ziwirizo tinazisiya zili zoyaka, mabuku ali otsegula. Dzuwa linafika pakati. Malata a khonde anayamba kulira. Tisanamalize kapu yachiwiri ya thobwa, phula la pambali pa yasiliva linali likunyezimira. Fani inakweza mawu. Phula linagwada, linasungunuka, linayenderera pansalu.

"Nsalu yanga ya alendo!" anakuwa mayi a kunyumba.

"Ndinanena," ndinatero.

"Munanena liti zoti mudzaphikirapo kandulo?"

Ola lisanakwane, yasiliva inangoti zii. Sikirini bii. Batire inali isanathe n'komwe. Inazima ndi kutentha. Apongozi anaika dzanja pansi pake, analichotsa msanga. Anakhala akuyang'ana chikhatho chawo.

"Kodi ku Chikwawa imachita chonchi?" apongozi anawafunsa akazi awo.

Mwana analeka kutayipa. Anayang'ana pansi.

"Tsiku lililonse."

"Ndi chimene munachedwera?"

"Eya."

"Bwanji simunandiuze, amayi?"

"Inali mphatso."

Ndinayamba kukanda phula pansalu ndi chikhadabo. Mayi a kunyumba ndi amene anatiombola.

"Imwani thobwa, apongozi. Mphatso siinalakwe. Lalakwa ndi dzuwa la kwawo kwa bambo awa. Ine ndinakakhalako chaka chimodzi, nanenso ndinkazima masana."

Apongozi anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba pakhonde langa. Anamasula tayi n'kuiika m'thumba.

Yakuda inapitirira. Tinadya nkhomaliro, mwana anadyera pomwepo, mbale pamiyendo. Ndinkapita kukagwira phula lake nthawi ndi nthawi. Louma. Pansi pa makinawo panali pofunda ngati mphumi ya munthu wabwinobwino. Koyera nakonso kanali moyo, phula louma, koma palibe chimene kanachita tsiku lonse. Mthunzi utafika pampanda wa aneba, koyera kanazima. Yakuda inali ikadali ndi moto pang'ono. Mwana anali atalemba masamba atatu.

Apa ndinaphunzira kanthu. Makina ofooka kwambiri sapulumutsa moto. Amakhalitsa pa ntchito imodzi akubuula, batire n'kumapita. Amene ali ndi mphamvu yokwanira amamaliza n'kupuma. Ndinauza apongozi maganizo amenewa. Anati ndi zomwezo zimene akuwerenga pafonipo, koma olembawo azilemba m'masamba anayi.

Anatola kachidutswa ka phula kouma kaja, anakatembenuza m'manja.

"Njira iyi munaiphunzira kuti, apongozi?"

"Pa benchi."

"Ku ofesi kwathu kulibe."

"Kandulo ndi wotchipa. Kaguleni."

Tisanabalalike tinagawana ntchito. Ine ndinachotsa batani pa laputopu ina yakufa n'kuika pamene panali posowa. Ndinapereka chaja cholumikiza molunjika kubatire ya sola, kuti moto usatayike panjira. Ndinadula timatabwa tiwiri toti aziikapo makinawo, mpweya uzidutsa pansi. Apongozi anakonza zoti zolemba zizidzisunga zokha pakapita mphindi zochepa, ngakhale munthu aiwale. Zimenezo ine sindinkazidziwa. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndinati abwereze pang'onopang'ono. Anabwereza kawiri.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinamuperekeza mwana kudepoti, ine ndi amuna ake. Yakuda anaikulunga m'chitenje chomwe chija. Oitanira anatizungulira, aliyense akukoka chikwama.

"Siteji yomaliza, masteni, mpando wakutsogolo!"

"Gwira chikwama, chitenjecho usakhudze," ndinamuuza mmodzi.

Minibasi itanyamuka tinatsala awiri pafumbi. Tinalibe phiri loyang'ana. Anandigulira chimanga chootcha. Tinadya titaima.

Milungu inayamba kupita. Ine sindiimba foni popanda chifukwa. Mayi a kunyumba ndi amene ankaimba, ine ndili pafupi ngati ndikukonza wailesi.

"Akuti bwanji?"

"Akuti ikuyenda."

"Mababu?"

"Akuyaka. Bwanji osamufunsa nokha?"

Mlungu wachitatu kunabwera uthenga woti batani lija lagwanso. Ndinati amate ndi guluu pang'ono, pakona pokha. Anamata. Mlungu wachinayi kunachita mitambo masiku atatu, sola inagona. Koma yakudayo inkakhuta ndi zochepa, analembabe, anangozimitsa babu limodzi. Mlungu wachisanu anabwera yekha m'tauni, anasindikiza masamba ake, anawamangitsa chikuto. Anapereka kutatsala masiku awiri. Anadutsira kushopu ndi kope lina kudzandionetsa. Linali lolemera. Ndinatsegula pakati, Chingerezi chokhachokha. Ndinatseka.

"Chabwino," ndinatero.

"Basi, ababa? Chabwino basi?"

"Chabwino kwambiri."

Anakhoza. Chaka sanabwereze. Patsiku lolandira satifiketi ndinavala jekete. Tayi anandibwereka apongozi.

Yasiliva ija ndinaitsegula. Fani inali itadzaza fumbi la ku Chikwawa, lolimba ngati chigumu. Ndinaitsuka, ndinapaka mafuta atsopano oziziritsa pa purosesa. Ili ku Naperi, padesiki, pafupi ndi soketi. Kumeneko imagwira bwino ntchito, apongozi amaonerapo mpira. Koyera kali kushopu. Kamandiimbira kwaya kuyambira m'mawa mpaka nkhomaliro. Ntchito imeneyo kamaitha, ndipo sindikagulitsa. Yakuda ikadali ku Chikwawa. Pano akulemberapo mayeso a ana.

Phula sindinasiye. Koma masiku ano nyimbo sindiika. Mwana anandisiyira buku lake lalikulu lija pa flashi. Laputopu iliyonse imalitsegula kaye, ndiye ndimatayipa dzina langa n'kuona ngati zilembo zikutsatira zala. Kasitomala akabwera ndimayamba ndamufunsa kumene akupita nayo, ngati kuli magetsi, ndi ntchito imene akufuna. Ena amakwiya, amati angofuna ya nambala yaikulu. Ndimawalozera shopu ya pafupi.

Makatoni atsopano akafika ndimatumiza uthenga ku Naperi, molunjika, osadzeranso kwa mayi a kunyumba. Loweruka apongozi amabwera opanda tayi, amakhala pakatoni. Iwo amawerenga manambala, banja ndi m'badwo. Ine ndimadula kandulo. Kutsutsana sititsutsanabe. Akaona kuti ndalakwitsa posankha laputopu sanena. Amangosuntha zinthu patebulo n'kuti, "Apongozi, tiyeni tiziyatse zonse ziwiri."

Ndipo timaziyatsa.